Seva yakale isatayidwe msanga

Sabata ino ndimawerenga zomwe zinasintha mu PostgreSQL 14, yomwe inatuluka mu 2021, ndipo mzere umodzi unandichititsa chidwi: libpq, pulogalamu yolumikizira ku database, inasiya kugwiritsa ntchito protocol 2, njira yakale yolankhulirana ndi seva. Protocol 3 inabwera kalekale mu 2003 ndi PostgreSQL 7.4. Ndiye kuti kwa zaka pafupifupi 18 opanga PostgreSQL ankasamalabe njira yakaleyo kuti mwini seva yokalamba asatsekeredwe kunja. Ena amati kumeneko n'kudzisenzetsa mtolo, poti khodi yakale imabisa zolakwika. N'zoona, koma seva yosunga malipiro a antchito siisinthidwa ngati malaya. Pamafunika ndalama, nthawi ndi katswiri. Ine ndili kumbali ya odekhawo. Inu olemba ma driver olumikizira ku database, muzichenjeza anthu nthawi ikadalipo musanasiye seva zakale.