Musathyole Mwendo Wachitatu wa Pulagi

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'kalasi mwanga, lero ndili ndi dandaulo. Masiku ano pakakhala zochitika, kaya ndi variety show, kaya filimu ya Shakespeare ya a Form 4, kaya chinkhoswe kuno ku Boma, mawu amachokera mu laputopu kupita ku ampulifaya. Ndiye kawirikawiri masipika amang'ung'uza, mmmmm, ngati njuchi zatsekeredwa mu mgolo. Mankhwala amene afala ndi oti wina amatenga pulayala n'kuthyola mwendo wautali wa pulagi, uja wa earth. Phokoso limathadi. Koma ine ndikuti mchitidwewu tiuletse m'sukulu zathu, chifukwa tsiku lina udzatiphera mwana.

Tiyambe ndi kumene phokosolo limachokera. Magetsi a ESCOM ndi a 230 volts, ndipo amapita uku ndi uku maulendo 50 pa sekondi imodzi. Kung'ung'uza mukumvako ndi 50 Hz yomweyo. Laputopu mwaibaya pa soketi ya kutsogolo kwa holo, ampulifaya pa soketi ya kumbali. Zonse ziwiri zili ndi earth, koma ma earth awiriwo amasiyana pang'ono mphamvu. Mukazilumikiza ndi waya wa mawu, timagetsi tochepa timayamba kuyenda mozungulira kudzera m'wayamo, ndipo ampulifaya sadziwa kusiyanitsa timagetsito ndi nyimbo. Amangokuza zonse. Akatswiri amati ground loop.

Mukathyola mwendo uja mwadula njira yozungulirayo, n'chifukwa chake kumakhala zii. Koma mwendowo ntchito yake si ya mawu ayi. Waya wamoyo akakhudza chitsulo cha ampulifaya mkatimo, earth ndi amene amatengera magetsiwo pansi mpaka fyuzi kupsa. Popanda iye, magetsi amangodikira pachitsulopo, komanso pa maikolofoni, kufikira atapeza munthu woti adutsemo. Mu 1972 woimba gitala wa gulu la Stone the Crows, Leslie Harvey, anafa pa siteji ku Swansea atagwidwa ndi nyesi pa maikolofoni yopanda earth. Tsono ganizirani mwana wa Form 2, wopanda nsapato chifukwa akuvina gule, ataima pa simenti yonyowa mu Januwale, maikolofoni ili pakamwa.

Chimene chimandiwawa n'chakuti kupeza gwero la phokoso sikulira ndalama. Zulani chaja, laputopu iyendere batire. Phokoso likatha, mwapeza kale kuti vuto lili kumagetsi, masipika ndi abwinobwino. Kenako bayani laputopu ndi ampulifaya pa ekisitenshoni imodzi, soketi imodzi. Nthawi zambiri nkhani imathera pomwepo. Zikakanika, pali kachipangizo kotchedwa ground loop isolator, kamene kali ndi kathiransifoma mkati: mawu amadutsa, timagetsi tija ayi. Kafunseni kwa ogulitsa zoimbira za m'galimoto mukapita ku Limbe. Amene zida zanu zili ndi potulukira optical gwiritsani waya ameneyo, poti mmenemo mumayenda kuwala. Ndipo ngati pali dikoda, yambani mwachotsa waya wochokera ku dishi, chifukwa nayenso amabweretsa earth yakeyake.

Si phokoso lililonse ndi la earth, ndipo apa m'pamene anyamata athu amasokonezeka. Mukamva tsssss ngati mvula yowaza pa malata, onani voliyumu. Ambiri amatsitsiratu laputopu n'kukweza ampulifaya mpaka kumapeto. Chitani mosinthanitsa: laputopu ikhale pamwamba ndithu, ampulifaya pakatikati. Onaninso kuti waya simunamubaye pa MIC kapena PHONO, chifukwa malo amenewo amayembekezera mawu ofooka kwambiri. Abayeni pa AUX kapena LINE. Kaja ka dididi-dididi foni isanalire ndi ka netiweki ya 2G, ingochotsani foniyo pamwamba pa ampulifaya. Kulira kosintha mukasuntha mouse kumachokera mkati mwa kompyuta momwe, ndipo ka sound card ka USB nthawi zambiri kamathandiza.

Ena adzati, "Aphunzitsi, takhala tikuthyola zaka zonsezi, wafa ndani?" Inde, ampulifaya yopanda earth itha kuimba zaka khumi osapweteka munthu. Imangofunika tsiku limodzi lokha, khoswe atatafuna waya kapena denga litadontha.

Kwa a Physics anzanga, phunziro lathunthu ndi limeneli. Timawajambulira ana pulagi pa bolodi, bulawuni live, buluu neutral, wobiriwira ndi chikasu earth, iwo n'kuloweza za mayeso a MANEB, Loweruka n'kukathyola earth yemweyo ku holo. Tengerani ampulifaya ya sukulu m'kalasi, ibayeni dala pa masoketi awiri, ana amve kung'ung'uzako, asinthe chinthu chimodzi nthawi imodzi mpaka apeze okha. Ndipo a patironi a entertainment, teremu ino musanatsegule disiko, tembenuzani pulagi iliyonse muwerenge miyendo. Yopezeka ndi iwiri yokha, mugule ina.