Ndege za ku Nunavut

Kumpoto kwa Canada kuli dziko lozizira kwambiri, dzina lace Nunavut, ndipo eni ace ndiwo Ainuit. Midzi yao iripo 25, koma palibe mseu wocokera ku mudzi wina kunka ku unzace. Zombo zifikako pa nyengo yofunda pokha, pakuti miyezi yambiri nyanja ikhala youma gwa ndi cisanu.

Cifukwa cace ndege ndiyo inyamula mkaka, zipatso, mankhwala ndi makalata. Munthu akadwala kwambiri, imtengera ku cipatala cacikuru, monga ca ku Iqaluit kapena Ottawa. Amai ambiri apakati acoka kwao masiku asanakwane, nakacirira kutali ndi abale ao. Kukacita nkhungu kapena namondwe, ndege siitera, ndipo odwala angodikira.

Tsono mtengo wa ulendo ngwoopsa, makamaka ku Grise Fiord, mudzi wa anthu osafika 200, kumene dzuwa silioneka miyezi itatu yathunthu. Boma la Canada ndilo linasamutsira mabanja oyamba ku cisumbuco m'caka ca 1953. Lithandizako ndithu pa zakudya ndi pa maulendo a odwala, koma nkosakwanira. Kumwera boma lilambula miseu ndi ndalama za msonkho. Nanga Ainuit sakhoma msonkho kodi? Liyenera kucepetsa mtengo wa ndege, kuti nkhalamba ya ku Grise Fiord ikhoze kukaona adzukulu ace ku Resolute.