Galu, tsitsi ndi lilime langa ku Cádiz

Abale kumudzi akaona zithunzi zanga pa WhatsApp amati ndikudya ndalama ku tchuthi. Sindiwatsutsa. Cádiz ndi mzinda wa kummwera kwa Spain umene nyanja ya Atlantic inauzinga pafupifupi mbali zonse, moti chithunzi chilichonse chimatuluka ndi madzi kumbuyo. Chimene sakudziwa n'chakuti bambo wandevu akumwetulirayo wangotuluka kumene m'kalasi, momwe wakhala maola anayi akulimbana ndi chilembo chimodzi.

Chilembocho ndi r. Kwathu l ndi r ndi ana a mimba imodzi: unene Lilongwe kaya Rirongwe, kondakitala akukwezabe. Kuno ayi. Pero ndi "koma", pelo ndi tsitsi, perro ndi galu, ndipo pa galuyo lilime liyenera kunjenjemera ngati njinga yamoto ikamalizidwa. Sabata yanga yachiwiri ndinalowa mometera tsitsi, ndipo poopa kunena l pomwe pali r, ndinanjenjemeretsa lilime ndi mtima wonse n'kupempha kuti andimete galu. Wometayo anaseka mpaka kutsamira khoma. Mpaka lero ndikamadutsa amandifunsa ngati galu wakula.

Komabe Mchewa sabwera chimanjamanja m'kalasi ya Chisipanishi. Mavawelo awo ndi asanu, a, e, i, o, u, ndipo amamveka ngati athu. Chilembo chawo cha ñ ndi ny wathu yemwe uja. Tsiku lina aphunzitsi analemba cama, carta ndi zapato pa bolodi, ine n'kuona kama, kalata ndi nsapato, mawu amene anatifika kudzera kwa Apwitikizi, omwe chinenero chawo n'chapachibale ndi ichi. Chimene chinandikweza mapewa kwambiri ndi ser ndi estar, aneni awiri amene amawazunguza mitu anzanga olankhula Chingerezi. Ife tinabadwa nako kusiyanitsa kumeneku: "ndine mphunzitsi" ndi "ndili ku Cádiz", "ndili bwino". Sizigwirizana paliponse, koma sabata imeneyo ndinali mfumu.

Ndimakhala kwa mayi wina wamasiye, wa msinkhu wa amayi anga. Nkhondo yathu yoyamba inali ya ulemu. Ine ndinkawatchula usted, amene ali ngati "inu". Iwo anakana, ati ndikuwakalambitsa, ndiziti tú, kutanthauza "iwe". Tangoganizani kuuza mayi waimvi amene wakuphikira kuti "iwe, patse mchere". Mawuwo amakakamira pakhosi. Panopa ndimatero ndithu, koma ndikuyang'ana pansi, ndipo iwo amanditcha hijo, mwana wanga.

Nkhondo yachiwiri inali ya m'mimba. M'mawa ndi khofi ndi buledi wootcha wopaka tomato ndi mafuta a olivi, basi. Kalasi imatha cha m'ma 1:30, nkhomaliro imafika patebulo itadutsa 2 koloko, masitolo ang'onoang'ono n'kutseka mpaka cha m'ma 5. Chakudya chamadzulo ndiye cha m'ma 10 usiku, nthawi imene kwathu agalu okha ndi amene amakhala maso. Nsima ndinaisowa mwezi woyamba. Kenako ndinapeza boquerones, tinsomba tokazinga tokumbutsa usipa, mtima n'kukhalako m'malo.

Vuto lalikulu n'lakuti Chisipanishi cha m'kalasi chimathera pa khomo la sukulu. Anthu a ku Cádiz amameza zilembo ngati mapiritsi. Buku limati cansado, wotopa, iwo amati cansao. S wa kumapeto kwa mawu samveka n'komwe. Ukafika ku msika wa Mercado Central wakonzekera bwino chiganizo chako chogulira nsomba, wogulitsa amakuyankha mothamanga, n'kukutcha quillo, kutanthauza "kamnyamata", iwe n'kungogwedeza mutu ndi kulipira. Kangapo ndabwera kunyumba ndi nsomba imene sindinaifune. Aphunzitsi amatilimbitsa mtima kuti womva Chisipanishi cha kuno angamve cha kulikonse. Ndikuganiza kuti amanena zoona, ngakhale mwina ndi njira yotiletsa kuthawira ku Salamanca, komwe sameza zilembo.

Mzindawu ndi wakale zedi. Anauyambitsa Afoinike pafupifupi zaka 3,000 zapitazo n'kuutcha Gadir, ndipo ndi muno momwe malamulo aakulu a Spain a mu 1812 analembedwa. Koma eni ake sakamba zimenezo tsiku ndi tsiku. Amakamba za mphepo. Ikawomba levante, yochokera kum'mawa, mchenga umaluma miyendo, ndipo mutu ukawawa kapena ana akavuta, wolakwa ndi levante. Ndimakumbuka asodzi a ku Nkhotakota ndi mwera wawo.

Madzulo ndimapita ku La Caleta, gombe laling'ono la pakati pa malinga awiri akale, Santa Catalina ndi San Sebastián. Tsiku loyamba ndinasiya kope ndi nsapato pa mchenga monga ndingachitire ku Senga Bay, osadziwa kuti nyanja iyi imakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku. Ntchito yonse ya kunyumba inanyowa ndi madzi amchere.

Pa gombe lomwelo ndi pomwe amayi achikulire amayala mipando yawo mozungulira n'kumasewera bingo mpaka dzuwa kulowa. Mayi anga a kuno anandikokera m'bwalomo, ati manambala sangandilowe m'mutu ndikamangowawerenga m'buku. Anali ndi mfundo. Sesenta ndi setenta, 60 ndi 70, ndinazisiyanitsa nditaluza timakobiri tanga kangapo. Mu Novembala ndilemba mayeso a DELE a Instituto Cervantes, gawo la B1, ndipo theka la zimene ndikanene kumeneko ndazitola m'bwalo limeneli.

Dzulo anandipatsa thumba kuti ndiziitana manambala ndine. Ndinapisa dzanja, kutulutsa 33. Treinta y tres, ma r awiri motsatana. Amayi onse anaika makadi pansi, n'kunditchera khutu.