Mafuta a galu apite m'mbale, osati pamsana

Mwezi wa Ogasiti ndinapita ku Chainda kukaona khola la nkhuku la mmodzi wa ophunzira athu akale. Nkhuku zinali bwino, koma galu wozilondera anandimvetsa chisoni. Ubweya unali utathothoka m'makutu ndi m'zigongono, ndipo thupi lonse linali bii ndi oilo wakuda wochokera mu injini ya minibasi. Nditafunsa, mnyamatayo anati, "Aphunzitsi, amenewa ndiwo mankhwala a mphere kuno kukomboni. Aliyense amatero." Ndikudziwa kuti ambiri a inu mumakhulupirira zomwezo, ndipo ine ndikuti mchitidwe umenewu tiusiye.

Oilo wotha ntchito amakhala ndi tizidutswa ta zitsulo ndi zotsalira za mafuta opserera, ndipo zonsezi ndi poizoni. Galu sasiya kanthu pakhungu pake osanyambita. Akameza oiloyo amasanza, amatsegula m'mimba, ndipo chiwindi ndi impso zimatha kuwonongeka. Madzulo ana anu amasewera naye, kenaka nkugwira nsima. Wina adzati, "Wanga ndinamupaka, ubweya unamera." Sindikumutsutsa pa zimene anaona. Koma tizilombo ta mphere timakumba mkati mwa khungu, ndipo galu amene anafa atapakidwa sawerengedwa ndi aliyense. Chimodzimodzi dipu ya ng'ombe yosakaniza mongoyerekeza ndi maso: yapha agalu ambiri amene eni ake ankafuna kuwachiritsa.

Mlimi wophunzira amayamba wafufuza gwero la vuto. Patulani ubweya pamwamba pa mchira. Mukapeza timadontho takuda timene timasanduka tofiira papepala lonyowa, amenewo ndi utitiri. Ubweya ukayamba kuthothoka m'mbali mwa makutu, m'zigongono ndi pamimba, galu nkumadzikanda usiku wonse, ganizirani za mphere. Mabala ozungulira opanda ubweya angakhale zipere, zimene zimapatsiranso ana. Matenda atatuwa sachizika ndi chakudya kapena mafuta ophikira. Dotolo wa ziweto amapala khungu pang'ono, nkuyang'ana pa makina okuza zinthu, nkupereka mankhwala molingana ndi kulemera kwa galu. Anthu a ku Chainda sali kutali ndi thandizo: sukulu ya madotolo a ziweto ya Samora Machel ku University of Zambia, pamsewu wa Great East, ili ndi chipatala cha nyama, ndipo kulinso bungwe la Lusaka Animal Welfare Society.

Nanga mafuta malo ake ali pati? Pali agalu ambiri amene alibe tizilombo, koma khungu lawo ndi louma, lamfundu, ndipo ubweya ndi wotuwa. Zimenezi zimakula m'miyezi ya chisanu ndi fumbi, kuyambira Juni mpaka Seputembala. Funsani chimene galuyo amadya, mudzamva kuti ndi mkute wa nsima ndi madzi basi. Khungu limafuna mafuta ena amene thupi la galu silingapange lokha. A mtundu wa omega-6 ali mu mpendadzuwa, soya ndi mtedza. A omega-3, amene amachepetsa kutupa ndi kuyabwa, ali mu nsomba monga kapenta.

Kwa galu wa makilogalamu 10 mpaka 15, sipuni yaing'ono imodzi ya mafuta a mpendadzuwa, amene timati saladi, yothira m'chakudya kamodzi patsiku ndi yokwanira. Onjezani kapenta wodzaza dzanja, ngakhale zinyenyeswa za pansi pa thumba, mutamuviika kuti mchere ndi mchenga zichoke. Inu oweta nkhuku zoikira, dzira losweka liphikeni mumpatse. Musachulutse mafuta poganiza kuti achira msanga, chifukwa amatsegula m'mimba ndi kunenepetsa. Musamupatsenso ndiwo zotsala zodzaza anyezi kapena adyo, pakuti zimawononga magazi a galu. Ndipo lezani mtima: kusintha kumaoneka pakatha masabata 6 mpaka 8, osati Sabata likubwerali.

Pali zinanso zosalira ndalama. Sopo wochapira zovala amachotsa mafuta achibadwa a pakhungu, choncho musasambitse naye galu, ndipo musamusambitse tsiku ndi tsiku. Masaka amene amagonapo achapeni ndi kuwayanika padzuwa, chifukwa mazira a utitiri amagwera mmenemo. Sesani pogona pake, ndipo mbale ya madzi isaume, makamaka mu Okutobala.

Ndikumva kale ena akuti, "Ana akusowa ndiwo, tiwononge saladi pa galu?" Funso limeneli ndi loona, ndipo sindikulipeputsa. Koma werengani monga tinakuphunzitsirani m'kalasi. Galu amene watha usiku wonse akudzikanda salondera khola, ndipo mbala ikalowa kamodzi imatenga zoposa mtengo wa mankhwala ndi mafuta a chaka chonse.

Kuposa pamenepo, ife timaphunzitsa ukapitawo, ndipo ukapitawo suthera pa chakhumi. Miyambo 12:10 imayesa chilungamo cha munthu poona mmene amachitira ndi chiweto chake. Galu wa pakhomo panu ali m'gulu la zimene munasungitsidwa. Oilo wakuda musiyeni ku galaja, ndipo mukaona mnansi akumutunga kuti akapake galu, mufotokozereni mwaulemu zimene mwawerenga pano.