Ife Tikhala Pansi

Tikhala pansi. Ife amene timadzuka tambala asanalire n'kubwerera kunyumba ana atagona kale, tikhala pansi. Ife olimbirana minibasi ku Limbe ndi pa depoti ya Lilongwe, anyamata a kabaza, amayi a geni ya tomato, aphunzitsi, anamwino ndi a m'maofesi, tikulengeza lero kuti moyo wa chithamangethamange watikwana.

"Ndili bize" yasanduka moni wathu. Kumaliro tikufika maso ali pa wotchi, mwinanso osafika n'komwe: tangotumiza chipepeso pa Mpamba, basi tapepesa. Nsima tikudya dzanja lina lili pa foni, kudikira zimene abwana alembe pa WhatsApp usiku.

Tikhala pansi chifukwa ndi mmene tinaleredwera. Kwathu mlendo sapatsidwa moni ali chiimire. Amayamba amuyalira mphasa, apume, thukuta liume. Kenako eni khomo amabwera mmodzimmodzi kudzamufunsa za kumene achokera, za ana, za mvula, ndipo palibe womudula mawu. Amene anatisiyira mwambo umenewu sanali alesi ayi. Ndi omwewo ankagwira khasu kuyambira m'bandakucha, koma dzuwa likapendeka ankapeza nthawi ya bawo pansi pa mtengo.

Tikhala pansi chifukwa thupi silinamizidwa. Mu 2021, mabungwe a WHO ndi ILO analengeza kuti m'chaka cha 2016 chokha, anthu pafupifupi 745,000 padziko lonse anamwalira ndi sitiroko ndi matenda a mtima chifukwa chogwira ntchito maola 55 kapena kuposerapo pa sabata. Ndipo sitikupempha chachilendo. Lamulo la za ntchito la dziko la Malawi, la mu 2000, limaika malire a maola 48 pa sabata, ndipo limaletsa kugwiritsa munthu ntchito masiku oposa 6 otsatizana osamupatsa maola 24 opuma. Lamulo lilipo. Ambiri a ife timangochita nalo manyazi.

Tikudziwa funso limene likubwera: wopumayo adya chiyani? Funsoli ndi loona, ndipo amene amagula ufa wa pa walkman tsiku ndi tsiku sitimuuza kuti angofatsa. N'chifukwa chake nkhaniyi si ya munthu mmodzi, ndi ya tonse. Adona, mtsikana wantchito apite kwawo pa tsiku lake lopuma, malipiro osadulidwa. Abwana, uthenga wa usikuwo udikire kuche. Akumpingo, misonkhano isadye Sabata kapena Lamlungu lonse, banja likhaleko pamodzi. Kupuma kukakhala kwa olemera okha, ife sitinayambe n'komwe.

Ntchito tiigwira, ndipo tiigwira ndi mtima wonse. Koma tikaweruka, taweruka. Foni tiziika patali pa nthawi ya chakudya. Agogo akayamba nkhani yomwe tinaimvapo kale, tiwamvetsera mpaka athe. Tidzakhala pakhonde osachita kalikonse, ndipo wodutsa akafunsa kuti "mukutani?" tidzayankha mosapepesa kuti "tangokhala."

Tikuchuluka, ndipo palibe wotibweza, pakuti munthu aliyense wotopa ndi wathu kale. Palibe fomu yolemba, palibe ndalama yolowera. Inu a ku Ndirande, a ku Area 25, a ku Chibavi, inu muli pa ntchito ziwiriziwiri ku Johannesburg ndi ku Manchester, bwerani. Sankhani tsiku lanu sabata ino, muuze apabanja panu ndi abwana anu, ndipo muitane mnzanu mmodzi adzakhale nanu.