Tiwalole ana athu akwere phiri



Chaka chilichonse timasankha mapulifekiti, n'kuwapatsa baji, kenako timadabwa kuti ena mwa iwo akulephera ngakhale kuthetsa mkangano wa pamzere wa nsima. Vuto si anawo. Tinawapatsa udindo tisanawapatse mpata wosankha chinthu okha n'kuona zotsatira zake. Ndiye ndikupempha kuti sukulu yathu iyambe kutumiza ophunzira a Fomu 3 ku ulendo wa masiku awiri kapena atatu m'phiri, woyenda pansi, osati wongoona malo pa windo la basi.

Maphunziro otere anayamba kale. M'chaka cha 1941, nkhondo ili mkati, Kurt Hahn ndi Lawrence Holt anatsegula sukulu ya Outward Bound ku Aberdyfi m'dziko la Wales, kuti anyamata ogwira ntchito pa sitima zapanyanja aphunzire kupirira zinthu zikavuta. Mu 1956 kunabwera Duke of Edinburgh's Award, yomwe lero ili m'maiko ambiri. Pa gawo loyamba, kagulu ka achinyamata kamayenda masiku awiri n'kugona kutchire usiku umodzi. Pa gawo lomaliza amayenda masiku anayi. Amakonza okha njira, amasenza okha katundu ndi kuphika okha. Wamkulu amawayang'anira chapatali.

Chinsinsi chagona pamenepo. Mnzanu akatupa phazi, madzi atatsala pang'ono, dzuwa likupendeka, kagulu kayenera kugwirizana: tipitirire kapena tibwerere? Wopambana masamu amapezeka kuti sadziwa kusonkha moto, ndipo mtsikana wofatsa uja ndi amene amawerengera bwino ufa kuti ukwane mpaka mawa. Zimenezi sizilembedwa pa mayeso a MSCE, koma ndi zomwe zidzafunike akadzapatsidwa banja, ofesi kapena komiti.

Ife sitifunika kupita ku Ulaya. Phiri la Mulanje lili ndi njira zodziwika, tinyumba togonamo monga ku Chambe ndi ku Lichenya, komanso olondolera njira amene amapezeka pa Likhubula. Kulinso Zomba kwa oyamba kumene.

Ndikudziwa nkhawa zanu, makolo, ndipo ndi zomveka. Phiri silosewera nalo. Nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo anthu anasowapo kumeneko. Ana athu asapiteko. Asakwerenso nyengo ya mvula, kapena pamene chifunga cha chiperoni chaphimba phiri. Atsikana ayende ndi aphunzitsi aakazi ndipo agone paokha. Chakudya tinyamule chathu, nthawi za Swala zilembedwe pa ndondomeko ya ulendo. Pa nkhani ya ndalama, thumba likhale limodzi, kuti mwana wamasiye asatsale chifukwa chosowa thiransipoti. Ulendo wophunzitsa utsogoleri ukasiya osauka, waphunzitsa kale zolakwika.

Koma mantha okha asatitsekere khomo. Ana omwewa posachedwa akwera basi kupita ku koleji kapena ku Johannesburg popanda aliyense wowagwira dzanja. Ndi bwino ayambe kulakwitsa njira pamene mphunzitsi ali chapafupi. Paja mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Pempho langa kwa a komiti ndi lakuti nkhaniyi ikambidwe pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi ukubwerawu. Tiyese ndi kagulu kamodzi, ndipo akabwerako, anawo aime pa asembule atiuze okha zimene aphunzira.