Makombola a Diwali ndi kalata yathu yopempha Sabata

Chaka chilichonse, kumapeto kwa Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, pamene kuno ku Mzimba anthu ali kalikiliki kukonza mizere podikira mvula yoyamba, ku Blantyre ndi ku Lilongwe kumakhala usiku wina umene makombola amaphulika ngati chaka chatha. Agalu amabisala, ana amathamangira panja kukaona. Imeneyo ndi Diwali, chikondwerero chachikulu cha Ahindu. Ambiri a ife timangoti amwenye ali pa Khirisimasi yawo, ena n'kuwonjezera kuti akupembedza mafano, basi nkhani yatha. Ine ndikuti nkhaniyi siyenera kuthera pamenepo, makamaka kwa ife amene timalembera makalata akuluakulu a sukulu ndi mabwana a ntchito kupempha kuti asatiikire mayeso kapena ntchito Loweruka.

Mwana wokulira ku Embangweni, ku Jenda kapena ku Edingeni akhoza kumaliza Folomu 4 asanaonepo kachisi wa Ahindu, ndipo izi zili ndi mbiri yake. Funsani agogo, akuuzani kuti kale amwenye anali ndi masitolo m'maboma ndi m'timatauni ting'onoting'ono m'dziko muno, kumene anthu ankagula nsalu, mchere ndi makasu. M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr. Kamuzu Banda linawalamula kuti achoke kumidzi, ndipo pofika 1978 ankaloledwa kuchita malonda ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu basi. Mabanja ambiri anachokeratu m'dziko muno kupita ku Britain. Lero mzinda wa Leicester, kumene kunakhazikika amwenye ambiri ochokera kuno ndi ku Uganda ndi Kenya, umadziwika ndi nyali za Diwali za mu msewu wa Belgrave Road. Choncho lamulo ndi limene linatitalikitsa ndi anthu amenewa, mpaka tinaleka kuwadziwa. N'chifukwa chake ambiri sitidziwa ngakhale zoti amwenye ambiri a m'Malawi ndi Asilamu, amene amasunga Eid osati Diwali, ndipo Ahindu ndi kagulu kochepa, kochokera makamaka m'chigawo cha Gujarat ku India.

Nanga m'kachisi wawo mumachitika zotani? Munthu amavula nsapato pakhomo. M'kati muli zifanizo za milungu yawo zovekedwa nsalu zowala ndi maluwa. Wansembe amayatsa nyali n'kumaizunguza patsogolo pa zifanizozo, mabelu akulira, lubani akufuka, anthu akuimba. Mwambo umenewu amautcha arti. Pomaliza amagawana chakudya chimene chinaikidwa pamaso pa zifanizozo, chimene amachitcha prasad. Pa Diwali amayatsa tinyali tadothi tambirimbiri, tothira mafuta ndi kachingwe ka thonje, tofanana pang'ono ndi koloboyi wathu, n'kutindandalika m'makonde ndi m'mawindo. Amakumbukira nkhani ya Rama, amene anabwerera kwawo ku Ayodhya atakhala kuthengo zaka 14, anthu n'kumulandira ndi nyali. Amapembedzanso Lakshmi, amene amati ndiye mwini chuma ndi mwayi. Kwa amalonda a ku Gujarat nyengoyi ndi yotseka mabuku akale a ndalama ndi kutsegula atsopano, pakuti tsiku lotsatira ndi chaka chawo chatsopano. Mukapeza sitolo yotseka pa tsiku limenelo, chifukwa chake n'chimenecho.

Masabata pafupifupi atatu Diwali isanafike kumakhala Navratri, kutanthauza mausiku asanu ndi anayi. Usiku uliwonse amayi, abambo ndi ana amavina mozungulira gule wotchedwa garba, akuwomba m'manja, kenako amavina ndi timitengo tiwiri tomenyanitsa ndi mnzawo. Bungwe la UNESCO linaika garba pa mndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa mu 2023, mndandanda womwewo umene pali Gule Wamkulu ndi Vimbuza ya kwathu kuno. Cha mu Ogasiti kapena Seputembala amakumbukira kubadwa kwa Krishna. Ambiri amasala kudya tsiku lonse mpaka pakati pa usiku, ora limene amati anabadwa. Cha mu Malichi kuli Holi, pamene amawazana ufa wamitundumitundu.

Wina anena kuti zonsezi zikutikhudza bwanji ife a ku Mzimba. Zikutikhudza kwambiri kuposa a maboma ena. Ndi banja liti kuno lopanda mwana kapena malume ku Joni? Anyamata athu ambiri amene amakwera mabasi pa boma kapena pa Jenda amakapeza ntchito m'masitolo, m'makhitchini ndi m'nyumba za amwenye ku Fordsburg, ku Lenasia ndi ku Durban, mzinda umene amwenye anayamba kufikako mu 1860 kudzalima nzimbe. Odwala athu amatumizidwa ku zipatala za ku India. Ophunzira amapita kumeneko, ndipo mpingo wathu uli ndi yunivesite ya Spicer mu mzinda wa Pune. Malemu Bingu wa Mutharika anaphunzira ku Delhi. Namwino, mphunzitsi kapena wowerengera ndalama amene atuluke pa koleji ino adzakumana ndi Mhindu ngati bwana, wodwala, kholo la mwana wa sukulu kapena mnansi. Tsiku lina adzamupatsa kabokosi ka maswiti, kapena adzamuitana kukaona nyali. Ndi bwino aganizire yankho lake lero lino.

Maganizo anga ndi akuti Mwadiventisiti ayenera kukhala woyamba kuteteza ufulu wa Mhindu wochita zikondwerero zake, ndipo sizifuna kuti akhulupirire zimene Mhinduyo amakhulupirira. Mbiri yathu ndi imene ikutikakamiza. M'zaka za m'ma 1880 ndi 1890 abale athu ku Arkansas ndi ku Tennessee ku America ankamangidwa chifukwa cholima kapena kugwira ntchito zina Lamlungu. Pochokera m'mavuto amenewo, mu 1893 mpingo unakhazikitsa bungwe la International Religious Liberty Association, ndipo analikonza kuti lizimenyera ufulu wa anthu a zipembedzo zonse. Makolo amenewo anaona kuti boma kapena gulu la anthu likapatsidwa mphamvu yosankha chipembedzo choyenera kulemekezedwa, kagulu kochepa kalikonse kali pa ngozi, ndipo ifenso ndi kagulu kochepa m'malo ambiri.

Kuno kwathu tinaziona. Mu 1967 boma linaletsa Mboni za Yehova. Nyumba zawo zinatenthedwa, anthu masauzande anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Akhristu ambiri anakhala chete chifukwa sankagwirizana ndi chiphunzitso cha Mboni. Malamulo aakulu a dziko a 1994 amati pa gawo 33 munthu aliyense ali ndi ufulu wa chikumbumtima ndi chipembedzo. Gawo limenelo ndi limene Bwalo Lalikulu ku Zomba linayang'ana mu 2023 polamula kuti ana achirasta aziloledwa kuphunzira m'sukulu za boma ndi tsitsi lawo. Ndi gawo lomwelo limene timatsamira ife tikamapempha kuti mayeso a Loweruka asunthidwe. Wophunzira amene amaseka mwana wachirasta, kunyoza mtsikana wovala hijabu ndi kutukwana makombola a Diwali, kenako n'kukagogoda ku ofesi ndi kalata ya abusa yopempha Sabata, akudula nthambi imene wakhalira.

Tsono pali funso lolemera, ndipo sindikufuna kulipeputsa. Lamulo lachiwiri limaletsa kugwadira zifanizo, ndipo anyamata atatu a m'buku la Danieli analolera ng'anjo ya moto m'malo mogwada. Ine sindikuuza aliyense kuti akaime pa mzere wa arti, akaweramitse mutu kapena akalandire chizindikiro pamphumi. Kumeneko ndi kupembedza, ndipo chikumbumtima chathu sichilola. Koma pakati pa kugwada ndi kunyoza pali bwalo lalikulu limene timaliiwala. Paulo atafika ku Atene mtima wake unavutika ndi mafano, komabe anayendayenda mu mzindamo, anaonetsetsa zimene anthuwo ankapembedza, anawerenga zolembedwa pa guwa lawo, ndipo ankadziwa ndakatulo za alembi awo. Anatha kulankhula nawo chifukwa anayamba wawadziwa. Ife timafuna kulalikira anthu amene sitidziwa n'komwe dzina la chikondwerero chawo.

Nkhani ya chakudya Paulo yemweyo anaitambasula pa 1 Akorinto 10. Uphungu wake unali wakuti wosakhulupirira akakuitana kudya, udye zimene wakupatsa osafunsafunsa, koma wina akanena kuti chakudyacho chaperekedwa nsembe, usadye. Kabokosi ka maswiti kamene mnansi wapereka pa Diwali nthawi zambiri ndi mphatso chabe, ngati mpunga ndi nkhuku zimene Msilamu amagawira anansi pa Eid. Prasad ndi chinthu china, ndipo mwini wake amanena yekha kuti ndi prasad. Kukana mwaulemu n'kotheka: kuthokoza, kufotokoza kuti chipembedzo chathu sichitilola, ndi kumufunira zabwino iye ndi banja lake. Anthu amenewa sangadabwe ndi munthu wosala zakudya zina. Ahindu ambiri a ku Gujarat sadya nyama iliyonse, ena ngakhale mazira, ndipo ambiri samwa mowa. Kunena zoona, ena a iwo amasunga zimene ife timatcha uthenga wa zaumoyo kuposa ife amene timauphunzitsa pa Sukulu ya Sabata kenako n'kukaima pa chiwaya Lamlungu.

Ndikudziwanso chimene chili m'mitima ya ambiri, ngakhale sachinena mu tchalitchi. Amati amwenye amalipira antchito ndalama zochepa, amawagwiritsa ntchito mpaka usiku, ena amanyoza anthu akuda. Madandaulo amenewa si ongopeka, ndipo mkwiyo wake unaonekera mu 2018 pamene achinyamata a ku Blantyre anapita ku khoti kukaletsa kumanga chipilala cha Mahatma Gandhi pa Ginnery Corner. Bwana wopondereza antchito ayenera kukayankha ku ofesi ya zantchito ndi ku khoti, kaya ndi Mhindu, Msilamu kapena mkulu wa mpingo wathu womwe, pakuti nawonso alipo amene mtsikana wantchito amatha miyezi itatu osamulipira. Koma mlandu wa malipiro suweruzidwa pa khomo la kachisi. Gogo amene akuyatsa tinyali take ndi zidzukulu sanalakwire aliyense. Ndipo ife a ku Mzimba tikudziwa kuwawa kwa kuweruzidwa monga gulu. Mu 2008, ndiponso mu 2015 ku Durban, abale athu anathamangitsidwa m'nyumba zawo chifukwa chongokhala alendo, mabasi n'kuwabweza opanda kanthu m'manja.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimachita nacho nsanje ndikaganiza za kagulu kameneka. Ndi anthu ochepa, ali kutali ndi dziko la makolo awo, ana awo amaphunzira m'Chingerezi, koma chikondwerero chikafika mwana amavala, amavina, amathandiza kukonza nyali, ndipo nkhani za chipembedzo chawo amazimva akusangalala. Ifenso tili ndi zathu. Msonkhano wa misasa timaufanizira ndi madyerero a misasa a pa Levitiko 23, pamene Aisraeli ankagona m'misasa masiku asanu ndi awiri akukondwera. Ku Embangweni, kumene Donald Fraser anakhazikitsa mishoni ya Loudon mu 1902, anthu ankayenda mitunda italiitali kupita ku misonkhano ikuluikulu, ndipo Angoni ankapeka nyimbo za Mulungu m'maimbidwe a kwawo. Mu Ogasiti khamu limasonkhana ku phiri la Hora pa Umthetho. Anthu a dera lino amadziwa tanthauzo la kusonkhana. Nanga bwanji msonkhano wathu wa misasa m'malo ena wasanduka sabata ya malipoti a ndalama ndi zolengeza, ana akungosewera kuseri kwa mpanda wa udzu, anthu ambiri n'kubwera Loweruka lokha? Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, koma akulu a mipingo aiganizire.

Ambiri a inu mukuwerenga muno mudzakhala aphunzitsi aakulu, oyang'anira anamwino kapena olemba anthu ntchito. Tsiku lina kalata yopempha tchuthi idzafika pa tebulo panu kuchokera kwa Mhindu, ndipo m'kalendala ya boma simudzapeza tsiku limenelo, chifukwa Diwali si tchuthi cha dziko m'Malawi. Simudzalipezanso pa deti la chaka chatha, chifukwa limatsata mwezi wakumwamba ndipo limagwa pa usiku wa mdima mwezi usanaoneke, monga momwe ora lotsegulira Sabata limasunthira ndi kulowa kwa dzuwa. Mufunseni kumayambiriro kwa temu kuti chaka chino ligwa liti, mulilembe pa kalendala ya ofesi, ndipo pokonza ndandanda ya mayeso kapena ya mashifiti mulizungulire monga mmene mumafunira kuti ena azizungulirira Loweruka.